Ndikumaliza MBBS ndipo mtima uli ku family medicine: ndiyambire pati?

Wophunzira wa chaka chomaliza

Moni nonse, makamaka inu akuluakulu amene munatitsogolera pa ntchitoyi. Ndikumaliza maphunziro a udokotala (MBBS) ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo chiphunzirireni family medicine (udokotala wosamalira anthu a misinkhu yonse pa matenda osiyanasiyana) m'chaka chachinayi, mtima wanga sunachokeko. Anzanga ambiri akufuna ukatswiri wa maopaleshoni, wa matenda a ana kapena a amayi, ndipo ena akundiuza kuti dokotala wa family medicine sasiyana ndi dokotala wamba wa pa boma, choncho zaka zinayi za MMed (digiri ya ukatswiri) n'kutaya nthawi chabe. Kodi ndikatsiriza internship (nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa tikamaliza sukulu) ndilembetse MMed nthawi yomweyo, kapena ndiyambe ndagwirako ntchito? Nanga amene anamaliza maphunzirowa amagwira ntchito yotani tsiku ndi tsiku?

Dokotala wa pa chipatala cha boma

Adokotala athu a mawa, choyamba chotsani m'maganizo chithunzi cha dokotala wa ku Britain amene amakhala mu ofesi n'kumaona odwala mmodzimmodzi, kenako n'kutumiza ovutika kwambiri kwa akatswiri. Kuno kwathu maphunzirowa anakonzedwa poganizira chipatala cha pa boma, n'chifukwa chake pamene MMed inayamba mu 2015 anaikhazika ku Mangochi osati ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre, ndipo chipatala cha mishoni cha Nkhoma nachonso chimaphunzitsa. Pa boma mungayambe m'mawa ndi mwana wokomoka ndi malungo, masana n'kuona agogo a shuga ndi BP amene akumwanso ma ARV, usiku n'kudzutsidwa chifukwa mayi walephera kuchira ndipo akufunika opaleshoni, pamene ambulansi yopita ku chipatala chachikulu ilibe mafuta kapena yapita kale ndi wodwala wina. Katswiri wa family medicine amaphunzitsidwa kuti zonsezi azigwire yekha mosanjenjemera, komanso kuti adziwe msanga wodwala amene sayenera kumusunga.

Anzanuwo akulakwitsa ponena kuti palibe kusiyana. Dokotala amene wangotuluka internship amaphunzira mwa kugwa ndi kudzuka, nthawi zambiri popanda womuyang'anira, pamene wa MMed amakhala zaka zinayi pansi pa aphunzitsi, amachita kafukufuku, ndipo amaphunzira kuyang'ana kumene matenda akuchokera: banja, chitsime, mtunda wofikira ku chipatala chaching'ono. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anationetsa poyera kuti wodi yokha singathetse mliri ngati dokotala sagwirizana ndi alangizi a zaumoyo ndi mafumu.

Langizo langa ndi ili: miyezi 18 ya internship muigwiritse ntchito mwadyera, makamaka ku matenda a amayi ndi ku fiyeta, kufikira manja atazolowera opaleshoni ya amayi oyembekezera. Medical Council of Malawi ikakulembetsani, pemphani kupita pa boma, mukhaleko chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako mulembetse mukudziwa chimene mukusankha.

Clinical officer wa zaka zambiri

Ndikuvomerezana ndi adokotala, koma ndiwonjezere mbali imene ophunzira saiganizira. Pa zipatala zambiri za maboma, maopaleshoni a amayi ndi ntchito yaikulu ya m'mawodi zili m'manja mwa ife ma clinical officer, anamwino ndi azamba. Mukadzafika mudzapeza anthu amene anayamba ntchito inu musanalowe sekondale, ndipo mudzayenera kuwatsogolera kwinaku mukuphunzira kwa iwo. Madokotala amene tagwira nawo bwino ndi aja amene amazungulira nafe wodi, n'kutifotokozera chifukwa chake asintha mankhwala, osati aja ongosaina mafayilo. Ngati kuphunzitsa ena sikukusangalatsani, family medicine idzakutopetsani, chifukwa gawo lalikulu la ntchitoyo ndi lomweli.

Dokotala wina, wa mumzinda

Ine sindikutsutsa ubwino wa ntchitoyi, koma mng'ono wathuyu amvenso zowawa zake. Dokotala akafika pa boma, kawirikawiri amakokedwera ku utsogoleri: misonkhano ya khonsolo, bajeti, mafuta a galimoto, malipoti a mabungwe othandiza, mpaka sabata kutha osagwira wodwala. Uphungu wokhala zaka ziwiri pa boma ndimauopa pa chifukwa chimenechi, pakuti ena amazolowera mpando ndipo sabwereranso ku sukulu. Ganiziraninso za banja, sukulu ya ana ndi ntchito ya amene mudzakwatirane naye, popeza ukatswiri umenewu phindu lake lenileni lili kutali ndi Blantyre ndi Lilongwe. Musanalembetse, funsani ku dipatimenti ya family medicine za amene adzakulipirireni maphunziro, ndiponso funsani ku Unduna wa Zaumoyo za udindo ndi giredi imene mudzapatsidwe mukamaliza.

Dokotala wa pa chipatala cha boma

Chenjezo la mpando ndi loona, ndipo ndaona anzathu aluso atatayika motero. Komabe sindisintha maganizo anga, koma ndingochepetsa: chaka chimodzi n'chokwanira, ndipo pofika muwauze akuluakulu a chipatala momveka kuti masiku anu a ku wodi ndi ku fiyeta asakhudzidwe. Ngati mpata ulipo musanayambe internship, lemberani aphunzitsi a ku Mangochi kapena ku Nkhoma kuti mukakhale nawo masabata angapo, ndipo mukapemphe kugona pa kolo (kudikira odwala a usiku) pamodzi ndi amene akuchita MMed.