Ndine namwino, ndikufuna kuphunzira sayansi ya ubongo: ndiyambire pati?

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, landirani moni. Ndine namwino wa digiri, ndipo ndagwira ntchito zaka 6 mu wodi ya ana pa chipatala china cha boma m'chigawo cha kumwera.

Dzinja likafika timalandira ana ambiri amene malungo awagwira ubongo. Mwana amabwera ali chikomokere, timamuyeza ndi Blantyre Coma Score, muyeso uja wa kukomoka woyambira pa 0 (kukomoka kotheratu) mpaka 5 (kukhala maso bwinobwino) umene a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor anaukonza kuno kwathu, ndipo tikapeza kuti ali pa 2 timathamangira mankhwala a malungo a artesunate. Ambiri amatsitsimuka. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi zimene zimadza pambuyo pake. Chaka chatha kamtsikana ka zaka 4 kanatuluka kakuyenda kokha, nthochi ili m'manja, agogo ake akuthokoza mogwada. Patangotha miyezi 8 kanabweranso katayamba kugwa khunyu, dzanja litapsa chifukwa kanagwera pamoto. Tikukapatsa mankhwala a khunyu a phenobarbitone, agogo aja anandifunsa kuti, "Adona, malungo aja munati anatha, nanga ichi chachokera kuti?" Ndinawayankha kuti ubongo unavulala, koma mumtima ndinadziwa kuti sindingathe kufotokoza chifukwa chimene mwana wina amachira kotheratu pamene mnzake wa pa bedi loyandikana amatsala ndi khunyu.

Ndi chifukwa chake ndikufuna kuchita digiri ya Masters ya neuroscience, kutanthauza sayansi ya ubongo, ndipo Mulungu akalola ndidzafike pa PhD. Ndaganizira za Chevening, thandizo la boma la Britain lolipirira maphunziro a Masters, popeza zaka 2 za ntchito zimene amafuna ndinazikwanitsa kale, ndipo lamulo lobwerera kwathu ndikamaliza silikundiopsa. Komabe maphunziro a ku Britain ndi a chaka chimodzi chokha, ndipo ndikuopa kubwerako ndi pepala lokongola koma manja osazolowera kafukufuku. Ndamvanso za Neuroscience Institute ya University of Cape Town imene ili pa chipatala cha Groote Schuur, komanso kuti bungwe la Beit Trust limathandiza Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe kulipira maphunziro.

Funso langa lalikulu ndi ili: kodi digiri ya unamwino amailandira, kapena adzandibweza poti sindinagwirepo ntchito mu labotale? Ndili ndi ana awiri, choncho sindingasiye ntchito pongoyesa mwayi.

Yankho loyamba

Achemwali, ine ndinaphunzira ku South Africa, ndipo ndikupemphani kuti musayambire pa fomu. Masters ya kafukufuku kumeneko imayamba ndi mphunzitsi wokuyang'anirani, amene amati supervisor, ndipo iye akavomera zina zonse zimapepuka. Muwerenge zimene wasindikiza, kenako mumulembere kalata yaifupi yonena funso limene mukufuna kufufuza, monga mwalembera panomu za khunyu la pambuyo pa malungo. Mapepala anu ayenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la ku South Africa loona za mapepala a maphunziro, ndipo nkutheka kuti angakuuzeni kuti muyambe mwachita Honours, digiri imene amachita munthu asanalowe Masters, choncho mufunse zimenezi msanga. Za labotale musade nazo nkhawa kwambiri, pakuti sayansi ya ubongo si ya makoswe ndi maikulosikopu yokha. Pali mbali yofufuza odwala enieni, yowerenga EEG (muyeso wa mphamvu ya magetsi ya mu ubongo) ndi kutsata kakulidwe ka mwana, ndipo kumeneko namwino wa ana ali ndi maso amene ena alibe.

Yankho lachiwiri

Mayi, ndisiyane pang'ono ndi anzangawa. Funso lanu kwawo ndi ku Blantyre. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu 2008, ndipo ndi pamenepo pamene ofufuza anaonetsa, mu zotsatira zimene zinatuluka mu 2015, kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo amenewa amafa chifukwa ubongo umatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Ngakhale njira yoyang'ana kumbuyo kwa diso pofuna kutsimikiza matendawa inakulira komweko. Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi kufunsira ntchito ya unamwino wa kafukufuku ku Blantyre Malaria Project kapena ku Malawi-Liverpool-Wellcome, nkumaona zimene Kamuzu University of Health Sciences ikupereka, malipiro akubwera ndipo ana ali pafupi. Mupeze satifiketi ya GCP (Good Clinical Practice, ndondomeko yoyenera yochitira kafukufuku pa anthu), muphunzire masamu a kafukufuku ndi pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira ziwerengero yotchedwa R, ndipo mufunsire masukulu afupiafupi amene IBRO, bungwe la padziko lonse la kafukufuku wa ubongo, limachititsa mu Africa muno. Dzina lanu likaoneka pa pepala limodzi losindikizidwa, kalata yanu yopita ku Cape Town kapena ku Liverpool idzawerengedwa ndi diso lina.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Malangizo oyambira ku Blantyre andigwira mtima, pakuti sindinaganizepo kuti ntchito imeneyi ingakhale khomo. Chatsala ndi ichi: alipo pa gulu lino amene anachoka m'boma kupita ku ntchito ya kafukufuku ya kontrakiti? Munatenga tchuthi chosalipidwa kapena munasiyiratu, nanga za penshoni zinatha bwanji?