Aroma 13 ndi amaritiri: kumvera boma kumathera pati?

NyaChibavi:
Moni abale ndi alongo. Achinyamata a mphakati wathu akukonzekera tsiku la Amaritiri a ku Uganda pa 3 Juni, ndipo afunsa funso lovuta. Aroma 13 akuti tizimvera olamulira chifukwa ulamuliro uchokera kwa Mulungu. Nanga bwanji tikulemekeza anyamata amene anakanira mfumu yawo? Komanso, aliyense wophedwa ndi boma lankhanza ndi maritiri, monga aja a pa 3 Malichi ku Nkhata Bay?

Katekisiti_Katoto:
Mayi, yambani ndi funso lachiwirilo, ndi lofulumira. Mpingo wa Katolika umafufuza zinthu zitatu: kuti munthuyo anaphedwadi, kuti womuphayo ankadana ndi chikhulupiriro kapena khalidwe lochokera m'chikhulupirirocho, ndiponso kuti wophedwayo analandira imfayo osabwerera m'mbuyo. Mwa lamulo kafukufuku amayamba patapita zaka 5 munthuyo atamwalira, ndipo amayambira mu dayosizi. Mwa zinthu zitatuzo, chachiwiri chija ndiye chimachedwetsa. Oscar Romero, Akibishopu wa ku El Salvador, anawomberedwa akuchita Misa pa 24 Malichi 1980, koma Mpingo unamuvomereza kuti ndi maritiri mu 2015, chifukwa kwa zaka zambiri anthu ankakangana ngati anafera ndale kapena chikhulupiriro. Abale athu a ku Nkhata Bay a mu 1959 anafera ufulu wa dziko, ulemu wawo ndi waukulu, koma ndi gulu lina.

Za ku Uganda, achinyamatawo aone bwino chimene chinakanidwa. Anyamata aja anali antchito a kunyumba ya Kabaka Mwanga II, mfumu ya Buganda, ndipo ntchito yawo ankagwira mokhulupirika. Sanatenge mkondo. Joseph Mukasa Balikuddembe anaphedwa pa 15 Novembala 1885 atadzudzula mfumu pa kuphedwa kwa Bishopu James Hannington wa Anglican. Charles Lwanga ndi anzake anakana zachiwerewere zimene mfumu inkafuna ndipo anakana kusiya kupemphera, n'chifukwa chake anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886. Amaritiri onse a ku Uganda, ophedwa pakati pa 1885 ndi 1887, ndi Akatolika 22 ndi Aanglican 23. Lamulo lililonse la mfumu ankamvera, kupatula limene linkawauza kuchimwa.

Mkulu_wa_ku_Zolozolo:
A Katekisiti anena zoona, ine ndiwonjezere za m'Malemba. Aroma 13 musamuwerenge yekha. Vesi 3 ndi 4 akufotokoza ntchito ya wolamulira: kuyamikira wochita zabwino ndi kulanga wochita zoipa. Muyike pambali pake Machitidwe 5:29, Danieli 3 ndi 6, ndi azamba aja a pa Eksodo 1 amene anakana kupha ana aamuna. Mudzaona kuti onsewa anakana chinthu chimodzi chodziwika, sanakane boma lonse. Danieli anapitiriza ntchito yake kunyumba ya mfumu, pemphero lokha ndi limene sanalisiye.

Kulakwitsa kumakhala mbali ziwiri. Ena amabisala kumbuyo kwa Aroma 13 mpaka kumawombera m'manja zoipa, makamaka pakafika envulopu ya wandale pa tsiku la pepa sande. Ena, makamaka achinyamata otentha mutu, amayesa kuti kulimba mtima n'kudziputira imfa. Mpingo wakale sunkayamikira zimenezi. Pa nkhani ya Polycarp, bishopu wa ku Smyrna, pali munthu wina dzina lake Quintus amene anadzipereka yekha kwa akuluakulu a boma, koma ataona zilombo anachita mantha n'kukana Khristu. Polycarp mwiniwake anayamba wabisala kumunda, anaima nji atamugwira. Mateyu 10:23 amalola kuthawa, ndipo Paulo anagwiritsa ntchito ufulu wake monga nzika ya Roma mpaka kuchita apilo kwa Kaisara. Choncho kupeza loya si kusowa chikhulupiriro.

Mphunzitsi_Luwinga:
Bwanji tikupita kutali pamene nkhani ili konkuno? Kalata ya maepiskopi a Katolika a m'Malawi ya pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, ndi phunziro la momwe mpingo umalankhulira ndi boma louma khosi, ndipo mmene inakonzedwera ndi pamene pagona nzeru.

Anasayina onse 7, kotero boma silikanatha kunena kuti ndi maganizo a munthu mmodzi. Inasindikizidwa mwakachetechete ku Montfort ku Balaka, makope 16,000, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, n'kugawidwa m'maparishi isanamveke. Inawerengedwa m'matchalitchi onse m'mawa umodzi, ndiye pamene apolisi ankadzidzimuka, anthu anali atamva kale. Mawu ake anali aulemu, sinatukwane Kamuzu. Inatchula zinthu zimene aliyense ankaziona ndi maso: malipiro ochepa, masukulu odzaza, zipatala zosowa antchito, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, mantha olankhula. Kalata yotukwana ikanakhala yosavuta kuikana.

Mtengo wake unalipo. Maepiskopi anafunsidwa mafunso ndi apolisi ku Blantyre, kalatayo inaletsedwa moti kupezeka nayo unali mlandu, makina osindikizira ku Balaka anatenthedwa, ndipo akuluakulu a chipani pa msonkhano wawo anakambirana zopha maepiskopi. Monsinyo John Roche, amene ankayendetsa dayosizi yathu ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko mu Epulo chaka chomwecho. Abusa Aaron Longwe a CCAP muno mumzinda anamangidwa atalalikira kuchokera pa Mika 7. Chimene chinateteza maepiskopi n'chakuti nkhaniyo inali itamveka kunja, ndipo mipingo ina inadzaima nawo pamodzi kudzera mu PAC (Public Affairs Committee), bungwe limene linkakambirana ndi boma. Pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu.

Ku Uganda njira yomweyi inatha mosiyana. Maepiskopi a Anglican analembera Idi Amin kalata yodandaula za kuphedwa kwa anthu, ndipo pa 16 Febuluwale 1977 Akibishopu Janani Luwum anaphedwa, boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto.

Mkulu_wa_ku_Zolozolo:
Aphunzitsi, musawaiwale a Mboni za Yehova. Tingasiyane nawo pa chiphunzitso, koma analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mipingo ikuluikulu nthawi imeneyo inakhala chete. Achinyamata amve zimenezonso, asamve za 1992 zokha.

Katekisiti_Katoto:
Zoona, bambo. Mayi, pa tsikulo agaweni magulu atatu: lina Danieli 6, lina Namugongo, lina kalata ya 1992. Gulu lililonse liyankhe kuti lamulo lokanidwa linali liti, analikana motani, ndipo ndi malamulo ati amene anapitiriza kumvera. Apatseni mphindi 20, kenako afotokozere anzawo. Kalatayo kaifunseni ku ofesi ya parishi sabata lino, kuti mupeze nthawi yochita fotokope.