Za katundu wodzadza m'nyumba uja

Mwezi watha ndinafunsa kuti ndichite bwanji ndi katundu amene anadzadza m'chipinda chathu kuno ku Bangula, mpaka kusowa poponda. Ambiri munati ndiyambe ndi mapepala. Zikomo kwambiri amayi amene munatchula za ndowa yokhala ndi chivundikiro. Ziphaso za unzika, mabuku a kusikelo a ana ndi masatifiketi ndazikulunga m'jumbo, ndaika m'ndowamo n'kuipachika kudenga. Chichitikireni madzi a Freddy mu 2023, sindifunanso kusiya chinthu chofunika pansi.

Matumba a mapira tawakweza pathandala. Titawasuntha tinapeza chiswe chitadya mphasa ziwiri, mtima unandiwawa zedi. Zovala zimene zikuwathina ana ndapatsa achemwali anga. Zatsala ndi zigubu zakale zisanu, bambo akunyumba akukaniza kutaya, akuti tizitungira madzi mjigo ukawonongeka.