Mtengo wa PlayStation 5 muno mu Harare

Wofunsa wa ku Mufakose: Abale anga, mwana wanga akufuna PlayStation 5, makina ochitira masewera a pa kanema, koma mitengo yomwe ndikumva m'tauni ikundidetsa nkhawa. N'chifukwa chiyani makinawa sakutsika mtengo pomwe anatuluka mu 2020?

Bambo wa ku Highfield: Mayi, kale makina otere ankatsika mtengo zaka zikamapita, koma Sony, kampani yopanga makinawa, inakweza mtengo m'mayiko ambiri mu 2022 chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu. Wogulitsa wa kuno amawonjezerapo msonkho wa ZIMRA (bungwe lotolera misonkho ku Zimbabwe) ndi ndalama zonyamulira katundu kuchokera ku Johannesburg, ndipo ambiri amafuna madola a America, osati ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe.

Mayi wa ku Mbare: Ine ndikukulangizani kugula PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito. Musanapereke ndalama, wogulitsayo ayatse makinawo inu mukuona, alowetse disiki, ndipo mumvetsere ngati fani ikusokosera kwambiri.