Petulo wa mpikisano mu njinga wamba, pali phindu?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya Yamaha yongokwera Loweruka ndi Lamlungu, kuchoka kuno ku Mzuzu kutsetserekera ku Nkhata Bay kapena kulowera ku Chikangawa. Injini yake sinasinthidwe kalikonse, ili momwe inachokera kufakitale.

Mnzanga wina akundikakamiza kuti ndiitanitse ku Johannesburg petulo wa njinga za mpikisano, wa octane 100 kupita m'mwamba. Akuti izithamanga ngati yamera mapiko. Mtengo wake ndiye wosayamba.

Mmene ndimadziwira ine, octane sawonjezera mphamvu, amangothandiza kuti mafuta asaphulike nthawi isanakwane mu silinda, kugogoda kuja. Buku la njingayi likuti 91 ndi wokwanira, ndipo sindinaimvepo ikugogoda ngakhale pachitunda chobwerera kuchokera kunyanja. Komanso kuno n'kokwera, mpweya ndi wopepuka, injini sifuna octane wambiri.

Ndiye amakaniko, alipo anayesapo pa injini yosasinthidwa n'kuona kusintha kwenikweni? Nanga poti petulo wina wa mpikisano amakhala ndi mtovu, sangandidetsere mapulagi? Kapena ndizingothira wathu wapapampu wosakaniza ndi ethanol uja?