Makwerero oyala pansi aja: tigule kapena tisiye?

Amai a Dalitso (msungichuma): Makolo anzanga, mwaswera bwanji? Pa ndalama zimene tinasonkhera timu ya mpira ya ana athu patsala pang'ono. A kochi apempha makwerero oyala pansi aja amati agility ladder, oti ana azidumphamo kuti miyendo ipepuke. Ndafunsa m'masitolo a ku Down Shops kuno ku Chipata, mtengo wake ungagule mipira iwiri yabwino. Ndimve maganizo anu ndisanatulutse ndalama.

A Zulu a ku Kapata: Gulani amai, palibe zokambirana. Matimu akuluakulu onse ali nawo, timaona pa Facebook. Ana athu azingothamanga mozungulira bwalo mpaka liti?

A Tembo (mphunzitsi wopuma): A Zulu, pepani, ine ndikana. Mwana akadumpha m'makwerero mwezi wathunthu adzakhaladi katswiri, koma katswiri wa makwerero. Thupi limagwira chimene mwaliphunzitsacho, ndipo chimasamukira ku ntchito ina pokhapokha ziwirizo zikufanana. M'makwerero mwana amadziwiratu poponda, palibe womulanda mpira, palibe choti asankhe. Pa bwalo mwendo umayenda diso litaona kaye kuti mdani wapendekera kuti. Kuchedwa kwa ana athu kuli pamenepo, pakati pa kuona ndi kuganiza, osati m'zidendene.

A kochi: Atate a Tembo, ndakumvani, koma musaiwale kuti ndili ndi tiana ta zaka 8 ndi 9 tina tosatha ngakhale kudumpha ndi mwendo umodzi osagwa. Akatswiri ofufuza Fitts ndi Posner analemba mu 1967 kuti luso limadutsa magawo atatu. Poyamba munthu amachita kuganizira chilichonse, kenako zolakwa zimachepa, pamapeto thupi limangochita lokha. Wa gawo loyamba mukam'ponya pakati pa anzake khumi amangozunguzika. Ndikufuna pena pophweka poyambira, komanso potenthetsera thupi mphindi zochepa tisanagwire mpira.

A Tembo: Potenthetsera thupi sindikutsutsa. Koma taonani kumene maso a mwana amakhala ali m'makwerero: pa zala za kumapazi. Katswiri wofufuza Gabriele Wulf ndi anzake akhala akuonetsa kuyambira 1998 kuti munthu amaphunzira bwino akaika mtima pa chimene akufuna chichitike, monga kumene mpira ukagwere, kusiyana ndi kuganizira chiwalo chake. Ife timakalipira ana tsiku lililonse kuti dzutsa mutu, dzutsa mutu, ndiye tikagule chinthu chowaweramitsa?

Amai a Chikondi a ku Mchini: Ine za mabuku ndilibe nazo mawu. Ndingofunsa, mipira tili nayo ingati? Loweruka ndinaona ana ambirimbiri ali pamzere kudikira mpira umodzi, wina uja unaphulika kale. Wanga anabwera kunyumba zovala zili mbee.

A Zulu: Komabe amai, zida zimapatsa ulemu. Makolo ena akaona makwerero ndi makoni amakhulupirira kuti pano pali zenizeni, ndipo kusonkha sikuvuta. Ana nawonso amakondwa.

A Banda a ku Nabvutika: Ulemu wa pa chithunzi umenewo, achimwene. Katswiri wa mpira Fashion Sakala ndi mwana wa kuno kwathu ku Chipata ndipo anakafika mpaka ku Rangers ku Scotland. Ifenso tinakulira chimpombwa, pa bwalo la mabampu, mpira wosadunda mofanana kawiri. Ndani anatiyalira makwerero?

A Tembo: A Banda, Sakala ndi mmodzi, tisamangire mlandu wonse pa iye. Koma za mpira wosadunda mofanana mwalasa. Mu 1979 ofufuza Shea ndi Morgan anagawa ophunzira pawiri: ena ankabwereza kayendedwe kamodzi mpaka kumaliza asanapite pa kena, ena ankasakaniza. Pophunzira, obwereza aja ankaoneka akatswiri. Atawayesanso patapita masiku 10, osakaniza ndiwo anapambana. Apa ndi pamene ife aphunzitsi timapusitsika. Tsiku limene ana achita zooneka bwino, mwadongosolo, timapita kunyumba tili nyaa, chonsecho zambiri sizinakhazikike. Posewera atatu kwa atatu pa kabwalo kakang'ono pamaoneka chipwirikiti, koma mwana amagwira mpira kambirimbiri ndipo nthawi iliyonse ayenera kusankha chochita.

A kochi: Zimenezo timachita kale Lachitatu. Vuto mipira, monga anenera amai a Chikondi. Koma tiana tating'ono tija sindikutisiya, tikufunikabe zodumphadumpha.

Amai a Chikondi: Nanga phyada si zodumphadumpha? Atsikana amajambula pansi ndi kamtengo, salipira ngwee.

A Banda: Kapena phulusa. Jambulani mabokosiwo ndi phulusa, mawa mujambule ena osiyana kukula kwake. Makwerero ogulawo mvula ikayamba mu Novembala zingwe zake zizingokola ana m'matope.

A Zulu: Mwandiunjikira. Chabwino, koma ndalama zikadzapezeka nkhaniyi ndidzaidzutsanso.

Amai a Dalitso: Ndiye ndigula mipira. A kochi, saizi yanji?

A kochi: Saizi 4, amai. Saizi 5 imawalemera ang'onoang'ono, amayamba kumenya ndi chala. Mufunsenso mtengo wa pampu, yobwereka ija mwini wake akuifuna.