Zimene zachitika nditafunsa za osewera okana kutsatira nkhani

Mwezi watha ndinafunsa zoyenera kuchita pamene osewera anga a Dungeons & Dragons (masewera a nthano: ine ndimatsogolera nkhani, osewera n'kumasankha zochita za anthu a m'nkhaniyo), amene timakumana Loweruka lililonse kuno ku Highfield mu Harare, akulambalala nkhani imene ndinakonza. Ndinakonza zoti mfumu iphedwe paphwando iwo akuona, koma anasankha kuwoloka mtsinje kukafunafuna chuma.

Ambiri munandilangiza kuti ndileke kulemba zimene osewera adzachite, m'malo mwake ndizilemba zimene adani akufuna komanso zimene angachite ngati palibe wowaletsa. Ndayesa zimenezi kwa masabata atatu. Ndinalemba pakapepala masiku asanu a chiwembu cha nduna ya mfumu, ndipo tsiku lililonse limene osewera anathera kutsidya ndinkachonga limodzi. Atabwerera anapeza mfumu itaikidwa kale m'manda, ndipo achimwene anga aakulu, amene amasewera ngati wansembe, anakhala chete kwakanthawi, kenako anafunsa kuti ndani anagwira chikho cha mfumu usiku umenewo. Funso limenelo sindinawauzire ine.

Malangizo amene ndawakana ndi oti ndizisintha mobisa zotsatira za dayisi ya mbali 20 (imene timaponya kuti tidziwe ngati zimene wina wayesa m'nkhaniyo zatheka) pofuna kupulumutsa nkhani. Ndimaiponya poyera, pakati pa tebulo, ngakhale usiku umene magetsi anazima tikuwerenga manambala ndi tochi ya foni, chifukwa sindikufuna kuti azindikayikira.

Chikundivutabe n'chakuti tsopano akufuna kulonga ndunayo ufumu, ndipo Loweruka likubwerali ndilibe chilichonse chimene ndalemba pa zimenezo.